Zitseko za Nyumba ya Kuchigwembe

14 Novembala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu anga. Kuno tilipo, kungoti kwatentha koopsa, ndipo mitambo yayamba kusonkhana masana aliwonse.

Ndiyambe ndi yabwino. Mayeso a ntchito yogulitsa nyumba ndi malo aja ndakhoza, inu amene munkati mutu wanga ndi wongonyamulira mabelo a kaunjika. Koma laisensi sinatuluke. Bungwe lopereka malaisensi likufuna kuti ejenti amene akundiphunzitsa asaine kuti ntchito ndaidziwa. Popanda dzanja lake ndine dobadoba chabe. Bwana wangayo pa ofesi timawatcha a Palibevuto, chifukwa ndilo yankho lawo ngakhale uwauze kuti denga lasasuka. Iwo ali ndi lamulo lawo: wophunzira aliyense ayambe wagulitsa nyumba imodzi m'dzina lake, ndiye asaine.

Ine anandipatsa nyumba ya kumapeto kwa msewu, m'mbali mwa chigwembe. Ndi ija anakutumizirani zithunzi mutaimba foni ku ofesi kuti mukufuna kugulira Mayi pokhala. Mukanandifunsa kaye, Achimwene! Ndinakwiya nanu, ndisabise.

Nyumbayo njokongola ndithu, penti yake ngati mkaka. Tisanaonetse ogula, a Palibevuto amatsegula zitseko zonse n'kuziyedzeka ndi miphika ya maluwa. Amati nyumba yotsegula imaoneka yaikulu ndipo imapita mphepo. Ndinkangoti ndi luso la ntchito, mpaka tsiku lina ndikukolopa ndinasuntha mphika wa kuchipinda chakumbuyo. Chitseko chinakana kutsekeka. Ndinayesa cha kukhitchini, chimodzimodzi. Mafelemu onse anapendekera mbali imodzi, ya kuchigwembe. Nditakankha kabati yomwe anaiimika pakhoma la chipinda chakumbuyo chija, ndinapeza mng'alu wolowa dzanja langa lonse, kunja n'kumaoneka.

Mayi wina woyandikana ndi nyumbayo anandiona ndikusuzumira kuseri. Anati, "Mwanawe, mvula ya chaka chatha inadya bafa la nyumba imeneyi, ife tikuona. Eni ake anasamuka osatsanzika."

Ndinakawafotokozera bwana. Anamwetulira, n'kunena kuti, "Palibe vuto, mwanangu. Nyumba iliyonse imakhazikika. Iwe ntchito yako ndi kuonetsa, osati kutseka zitseko." Kenako anatulutsa cholembera m'thumba la malaya, n'kuchiyang'ana, n'kuchibwezera momwemo. Anati, "Mtawuni muno ma ejenti timadziwana tonse. Wophunzira amene ndamukana ine, palibe angamutole."

Ndinati ndikhale chete, mwina mungasinthe maganizo panokha. Koma dzulo, ine ndili kokaonetsa malo ena, bwana anakawatenga Mayi pa galimoto yawo n'kupita nawo kunyumbako. Mayi anabwerako akuvina. Akuti, "Bambo aja ngaulemu, anandigwira dzanja pokwera masitepe." Asankha kale chipinda chawo, chakumbuyo chija, ati n'chozizira bwino. Ndiponso bwana awauza kuti asadikire za mapepala, atha kulowa Loweruka lino mvula isanayambe, poti ndife a pabanja. Mukudziwa Mayi akakonda chinthu. Nditayesa kuyamba nkhaniyi anandidula: "Iwe, nsanje ndi mlongo wako yemwe? Lendi yanditopetsa ine."

Achimwene, ndikuopa. Laisensi imeneyi ndaivutikira, ndipo ndinkadziona kale ndili ndi ofesi yangayanga. Koma dzina lolembedwa kuti ndiye wagulitsa nyumbayo likhala langa, ndipo wogona pafupi ndi khoma lija akhala mayi wathu. Inu amakumverani. Kalatayi ikangofika, aimbireni muwaletse, ndipo foni ya a Palibevuto musayankhenso. Ikachedwa, Loweruka ndipita nawo ndekha, ndikachotse miphika ija bwana ali pomwepo, Mayi akayese okha kutseka chipinda chawo.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Mayi akupereka moni wambiri, ati Mulungu akudalitseni chifukwa cha nyumba. Pamene ndikulemba pano akukulunga makapu awo m'manyuzipepala, akuimba, ndipo kunja kwayamba kugunda. Mukadzamva kuti ndabwerera kumsika kogulitsa kaunjika, musadzandifunse za laisensi. Mudzangonditumizira moni.

Ndine mlongo wanu,
Chitsirizira wa Mayi