Anandipentera Zenera

Lolemba, 3 Juni

Mwendo uli lende pachingwe, chitsulo chikukoka. Mwezi wachiwiri uno. Wanjinga yamoto amene anandigunda akuyenda ndi miyendo yake iwiri, Mulungu akumuona.

Chondisunga ndi zenera lokha. Ana saloledwa muwodi, ndiye m'mawa uliwonse popita kusukulu bambo ake amaima pampanda, mwana wanga Kamsoti ali paphewa, n'kumandibayibitsa ndi manja onse awiri. Lero amuveka juzi chotembenuza. Amuna inu!

Lachitatu, 5 Juni

Kwabwera kamtsikana ka maburashi, ovolosi ili penti yekhayekha. Akuti mitengo ndi mbalame pakhoma zimatsitsa mtima wa wodwala pansi, kafukufuku watero. Kafukufuku ameneyo anayamba wagonapo mwendo uli m'mwamba? Mankhwala opha ululu anatha Loweruka, koma penti ndiye mbwee. Fungo lake, mutu waa.

Lachinayi, 6 Juni

Apenta zenera. Langa.

Ananditengera kokajambula fupa, pobwera ndapeza galasi lonse ndi chimtengo chobiriwira, kambalame kachikasu panthambi. Mpanda kulibe. Msewu kulibe.

Asisitala aakulu akuti njira yopita kunyumba ya chisoni imadutsa pansi pa zenera limeneli, odwala asamaone ngolo ya maliro. "Mayi, n'zothandiza inu nomwe." Anandifunsa ndani? Ndalalata mpaka mawu kusasa.

Mayi Kubuula a bedi loyandikana nane akuti mtengowo wakongola. Ndi iwowa anakadandaula za ngolo, ndikudziwa. Njoka.

Loweruka, 8 Juni

Bambo ake akuti amaimabe pampanda. Mwana amafunsa ngati ndamukwiyira. Chiyambire kubadwa sanagonepo osandiona, lero wanditsekereza penti!

Ndamangirira supuni ku ndodo yoyendera ya Mayi Kubuula, iwo ali mtulo. Kukanda, kukanda. Ndangofikira kambalame, ndakachotsa mutu. Kunja osaoneka ndithu. Asisitala alanda supuni ngati ndine mwana wa mkaka. Phala ndamwera m'kapu.

Lamulungu, 9 Juni

Chondinyansa n'chakuti Mayi Kubuula asiya kubuula. Kale ngolo ikangolira magudumu ankanjenjemera mpaka bedi kugwedezeka. Pano amagona tulo tofa nato. Akadzuka amacheza ndi mtengo, akuti ukufanana ndi umene anasiya pakhomo pawo. Za mbalame sanandinene, angoti, "Mwaidula mutu, anzanga." Ndatembenukira kukhoma. Kukhomakonso mitengo.

Lachitatu, 12 Juni

Bedi la Mayi Kubuula layalidwa, lilibe munthu. Anawatulutsa ine ndili mtulo. Ngolo sindinaione.

Mng'ono wawo wabwera kudzatenga beseni ndi ndodo ija. Akuti dzulo malemuwo anafunsa kawiri ngati wojambula abweranso kudzakonza mbalame.

Sindinadye. Mwendo ukupweteka kwambiri lero.

Lachinayi, 13 Juni

Kamaburashi kabwera. Ndinali nditakonza mawu, ena oti sindingalembe muno. Osandipatsa ndi moni yemwe, kanawerama n'kuika mutu pafupi ndi pilo wanga, kakuyang'ana kuzenera monga ndimayang'anira ine. Kenako lezala. Kapala galasi pathunthu la mtengo, bowo ngati kambale ka tiyi, n'kuzunguliza penti wakuda m'mbali. "Mitengo imakhala ndi mphako, amayi."

Mbalame kaibwezera mutu. Ndinafuna kunena kuti wachedwa, koma ndinangoyang'ana bedi lopanda munthu lija.

Sikanapepese. Inenso sindinathokoze. Zikomo wa chiyani, zenera linali langa kale.

Lachisanu, 14 Juni

Ndamuona! Ali paphewa pa bambo ake, juzi chotembenuzabe, dzino lakutsogolo ngati lachoka. Ndakuwa dzina lake mpaka wodi yonse kutembenuka.

Iye sandiona, bowolo lachepa. Amangobayibitsa mtengo.

Masana ngolo yadutsa pamphako pomwepo. Ndayang'ana mbalame mpaka magudumu atasiya kumveka.

Bambo ake akuti Kamsoti wauza aphunzitsi kuti amayi ake amakhala mumtengo, adzatsika mwendo ukapola. Iwo akuseka. Ine ndafunda bulangete kumutu.

Nditsika, mwanawe. Koma asisitala ayambe andibwezera supuni yanga.