Masala a M'paketi

Lolemba, 3 Juni

Mvula ya kuno ku Suva, likulu la Fiji, tsiku lachinayi osakata. Chimfine chinatha kalekale koma mphuno sinabwerere. Ndanunkhiza adyo, tsabola, ngakhale chinsanza cha pa sinki. Zii.

Pa 22 mwezi uno Kalabu ya Nangula, kumene ndimaphika, ikwanitsa zaka zana. Alendo ena achokera ku Sydney, onse akufuna kari ya mbuzi ya banja lathu, ndiwo yathu yachimwenye ija. Agogo anaiphika m'khitchini momwemu, nthawi imene Amwenyefe tinkalowera khomo lakuseri. Kenako Bambo. Pano ine. Muyeso wa masala, zokometsera zake, palibe anaulembapo. Bambo ankati, "Savitri, supuni ndi ya aulesi. Zikapsa mphuno ikuuza." Nanga ine andiuze ndani?

Lachinayi, 6 Juni

Ndapsereza masala kachitatu. Wamva ndi Ilisoni wa ku bala, ali kuseri kwa khoma. "Achemwali, mukuwotcha matayala kapena?" Ndaseka naye. Kenako ndakalirira kosungira anyezi, kuti wondipeza asafunse.

Za mphunoyi adokotala akuti mwina miyezi itatu, mwina chaka, mwinanso basi. Anenera akuyang'ana wotchi.

Lachiwiri, 11 Juni

Akomiti apachika zithunzi zakale pamwamba pa bala. Azungu a ndevu, makapu a mpikisano wa mabwato. Pa chithunzi cha 1974 Bambo aliponso: mkono wokha ndi poto. Ndauzindikira ndi chipsera.

Mayi Garnett, mlembi wa kalabu, asindikiza kale pepala la zakudya. Akuti masala operedwa pa mphero ya agogo anga, mibadwo itatu. "Ndiwe mbiri yathu yamoyo iwe," atero, akundisisita phewa.

Lamulungu, 16 Juni

Ndayesa kukazinga kunyumba kuti Bambo andinunkhizire. Chiwagwereni sitiroko amangokhala pampando wa pawindo. Ndawaikira chiwaya pamphuno. Andiitana dzina la Amayi, kenako agona. Ndikuopa. Mphuno ikapanda kubwerera, kari ya kwathu yathera pa ine.

Lachinayi, 20 Juni

Ndakwera basi mpaka ku tawuni ya Nausori, kumene sandidziwa. Mapaketi khumi a masala a m'golosale, a chithunzi cha mayi womwetulira. Ndawakhuthulira m'chitini cha Bambo chosungiramo masala. Mapepala ndataya m'bini ya pa depoti ngati wakuba.

Loweruka, 22 Juni

Zatha. Mphero anaiika patebulo la kutsogolo, maluwa kuzungulira. Mapoto onse mbee, roti, chapati yathu ija, yosatsala ndi imodzi yomwe.

Mkulu wina wa banja la a Garnett, wa zaka makumi asanu ndi atatu, anaimirira ndi ndodo yake. "Ndadya kari iyi zaka makumi asanu, sinasinthe olo pang'ono! Zapaketi sizingafike apa!" Anthu m'manja phwaphwaphwa. Anandilowetsa pa khomo lakutsogolo kuti andijambule.

Ndimayembekeza kuti wina akwinya nkhope. Mmodzi yekha. Bwenzi nditachita manyazi, koma mtima ukanakhala pansi. Agogo anapindika msana pamwala uja, Bambo zala zinakhota. Ndiye anthuwa zaka zonsezi ankamva chiyani?

Ndasungako kambale ka Bambo. Iwo okha sanganamizidwe. Alavule, andikalipire, ndilandira.

Lamulungu, 23 Juni

Lero Bambo adzuka bwino, andidziwa. Ndawatenthetsera, ndawadyetsa ndi supuni. Ndimayang'ana pakamwa pawo.

Adya yonse. Anyambita ndi mlomo womwe.

"Ndi momwemu, mwanawe. Ngati ya agogo ako. Watengera dzanja lawo."

Ndati zikomo Bambo. Ndawapukuta pachibwano.

Kaya ndi chifundo, kaya lilime lawo nalonso linapita. Wofunsa ndilibe. Mphero idakali ku kalabu, akuti aigulira bokosi la galasi. Mawa Lolemba, kari ya nkhomaliro. M'chitini mwatsala theka.