Chomwe chikupha nsomba za bambo

Loweruka, 4 Meyi

Thanki yafika. Yagalasi, yaitali ngati mkono wanga wonse. Wainyamula yekha Chindevu, mwini sitolo ya nsomba, mpaka kuno kumwamba, thukuta kamukamu, akutukwana masitepe chamumtima. Taiika pa kabati ya malemu amayi, moyang'anizana ndi mpando wa bambo. Timiyala pansi, mwala umodzi waukulu, pampu, sefa, kanyale. Nsomba zisanu. Zinayi zofiirira ngati lalanje, imodzi yakuda bii, yotong'ola maso.

Chindevu anati tidikire kaye sabata, madzi akhwime, nsomba zibwere pambuyo. Ine ayi. Sabata inanso bambo akuyang'ana khoma? Chitulukireni m'chipatala n'zomwezo: mpando, khoma, tulo. Adokotala akuti mtima wafooka. Koma chondiopsa ine ndi chete ameneyu. Munthu anayendetsa basi moyo wake wonse, wanthabwala mpaka okwera kupitirira siteji yawo.

Lero aseka. Yakudayo akuti ndi Insipekitala, "taona masowo, ikufuna matikiti." Yaikulu yothamangitsa zinzake ndi Kondakitala. Ndinathawira kukhitchini. Misozi yopanda pake.

Lolemba, 6 Meyi

Madzi achita mbuu, ngati wina wathiramo mkaka. Ndaimbira Chindevu. Akuti thanki yatsopano imatero, zitha zokha, ndisadyetse kwambiri.

M'mawa monga mwa masiku onse. Mapiritsi atatu a bambo m'kambale, kapu ya madzi pambali, chitseko, basi yakuntchito. Masana aneba amabwera kudzawatenthetsera chakudya. Kusitolo tsiku lonse kusakaniza penti, mutu waa.

Pobwera ndapeza bambo asendeza mpando kufupi ndi galasi. Bola.

Lachitatu, 8 Meyi

Imodzi yafa. Kakang'ono pa zonse. Ndakapeza katamatirira pa sefa, mimba m'mwamba. Ndinakachotsa ndi supuni bambo asanadzuke, koma anawerenga. "Wina watsika osalipira," anatero. Sanaseke.

Zotsalazo zili pamwamba pa madzi, kukamwa yasa yasa, ngati zikupempha mpweya. Mopumira mwake mwafiira ngati bala. Fungo lake la madzi silikundisangalatsa.

Lachinayi, 9 Meyi

Nthawi yopuma ndathamangira kwa Chindevu ndi madzi m'kabotolo. Wadonthezamo mankhwala, kukhutchumula, kudikira. Madzi asanduka obiriwira ngati masamba. Akuti amoniya, ndowe za nsomba zomwezo zikuzipha, poti tizilombo todya zoipazo sitinamere mu sefa. "Ndinanena, achemwali." Inde ananena.

Malangizo: kuchotsa gawo la madzi tsiku lililonse, kubwezeramo ena ogonetsa m'ndowa, madontho opha klorini wa kumpopi, chakudya pang'ono ngati mchere wa m'ndiwo. Ndagula timabotolo toyezera ndi kakhadi ka mitundu. Chikasu ndiye mtendere, kubiriwira ndiye imfa. Mitundu ndiye ntchito yanga, apa sindingasokere.

Achimwene aimba. Akuti bambo akufunika mankhwala osati zidole. Kulankhula n'kosavuta uli kutali.

Loweruka, 11 Meyi

Yachiwiri. Iyi yavutika, dzulo lonse kuzungulira ngati yaledzera.

Ndakangana ndi aneba. Ndinapeza chitini cha mankhwala opopera udzudzu pawindo, ndiye ndinawafunsa, mwina mawu anakwera. Akuti sanapoperepo chipinda chimenechi, ndipo ngati ndikuwaona ngati wakupha ndipeze wina wotenthetsa chakudya. Ndapepesa. Chitinicho n'changa chomwe, ndinachiiwala ndekha.

Ndowa, paipi, ndowa. Msana. Bambo amangondiyang'ana ndikukhuthula. Anafunsa kamodzi, "Madzi ukuchotsawo ukukataya kuti?" Ndinati kuchimbudzi. Anagwedeza mutu.

Lachiwiri, 14 Meyi

Chikasu! Ndayeza kawiri, pawindo, kuwala kwa dzuwa. Amoniya watha. Kabotolo kachiwiri nakonso kali bwino. Madzi ayera.

Nanga bwanji Kondakitala akusambira chammbali? Wasiya kuthamangitsa anzake. Amakhala pansi, zipsepse zopinda, kenako n'kudzambatuka ngati wamenyedwa ndi magetsi. Insipekitala sakudya.

Chindevu pafoni: sopo m'manja? Ayi. Ndowa ya zochapa? Ayi, yatsopano. Penti wa kuntchito m'zikhadabo? Ndimasamba mpaka khungu kuwawa. Mapaipi a nyumba? Ngati ndi mapaipi ndiye kuti ifenso tikumwa zomwezo. Ndayamba kuwiritsa madzi akumwa.

Masilipasi a bambo sakulowa. Akuti afota ndi kuchapa.

Lachisanu, 17 Meyi

Kondakitala wapita. Wafa masana, ine kulibe. Aneba akuti bambo anakana kuti amuchotse, anakhala akumuyang'ana akuyandama mpaka ine kufika. Chakudya osachikhudza.

Zatsala ziwiri.

Bambo akugona chokhala, mapilo atatu kumsana. Akagona chagada akuti denga likuwapsinja. Mapazi ngati mabanzi, ukadina chala dzenje limatsala. Ndawafunsa ngati akumwa mankhwala. "Kambale ukukapeza ndi kanthu?" Ayi, kamakhala kopanda kanthu. Tsiku la adokotala lili kutali, kumapeto kwa mwezi. Ndati tipite mawa. Akuti masitepe awapha msanga kuposa mtima.

China. Pa timiyala, kuseri kwa mwala waukulu, pali fumbi loyera ngati choko. Si chakudya. Si ndere. Pamwamba pa madzi kamafuta kopyapyala, kamaoneka ukayang'anira m'mbali.

Lamulungu, 19 Meyi



Ndinati lero nditsuke timiyala tonse. Nsomba m'beseni, madzi theka, mwala waukulu kunja. Pansi pake phala loyera, lonanda. M'phalamo kanthu kapinki, kozungulira, kosungunuka mbali imodzi. Kamzere pakati kakuonekabe.

Ndimakadziwa. Ndimakathyola ndekha pa kapepala kasiliva m'mawa uliwonse. Kapiritsi ka mtima. Phala loyeralo ndi mapiritsi oyera ochotsa madzi m'thupi, iwo sachedwa kusungunuka.

Angati? Kuyambira liti? Phalalo linadzaza supuni.

Bambo anali m'chipinda. Ndatsuka zonse, madzi atsopano, makala atsopano mu sefa. Pachakudya ndimangoyang'ana manja awo.

Mwina mutu wayamba kusokonekera. Mwina akuona ngati akudyetsa nsomba. Azakhali anayamba choncho, kuika shuga m'nsapato. Ndikupemphera kuti zikhale zimenezo. Mwana wamtundu wanji wopempherera bambo ake matenda oiwala?

Lolemba, 20 Meyi

Si kuiwala.

Ndinaika kambale, ndinatsanzika, ndinatseka chitseko mwamphamvu ndili mkati, n'kuima m'kakhonde kuseri kwa makhoti. Anadikira. Anamvetsera masitepe. Kenako anadzuka pang'onopang'ono, kugwira kabati, kutsegula chivundikiro. Limodzi, limodzi, limodzi, kulunjika kuseri kwa mwala. Anamwa madzi a m'kapu theka. Anapukuta chivundikiro ndi mkono wa juzi pomwe anagwira.

Kupukutako ndiye kwandithyola.

Ndinatuluka mwakachetechete ngati wakuba ndine. Kuntchito ndasakaniza mtundu wolakwika, ndowa yathunthu, kasitomala anafuna wa mtambo ine ndampatsa wa phulusa. Abwana andikalipira pamaso pa anthu. Sindinamve n'chimodzi chomwe.

Madzulo ndowa, paipi, kuvuula zotsala. Bambo pampando pawo. Akudziwa kuti ndadziwa? Sindikudziwa.

Lachiwiri, 21 Meyi

Ndawauza. Ndinaika kapinki kaja patebulo, pa kapepala, pakati pa ine ndi iwo.

Sanakane. Anakayang'ana nthawi yaitali. "Ndimati m'madzi sizioneka. M'bini ukanazipeza, pawindo aneba ali ndi maso." Kenako, "Nsombazo sindinaziganizire, mwanawe. Poyamba ndimati n'za amoniya wakoyo. Nditazindikira, dzanja linali litazolowera."

Ndinafunsa chifukwa. Ndinakuwa, ndikuganiza. Anati atopa. Kutopa ndi kudzuka, kutopa kundiona ndikubwera nkhope yagwa n'kuyamba kuwasambitsa mapazi. Akuti amayi anapita msanga, mwaulemu, iwo akungotsalira ngati katundu woiwalika m'basi. "Galimoto ikafika kumapeto kwa msewu dalaivala amazimitsa injini, salimbana nayo."

Ndinati ine si msewu wakutha, ndine mwana wanu.

Ndaimbira achimwene. Akuti, "Muziwakakamiza, inu muli pompo." Abwera mwezi wamawa akapeza tchuthi. Ndaimbiranso kuchipatala. Anesi akuti ndibwere nawo msanga, ndipo adokotala amve zonse, za mapiritsi ndi za mawuwo. Bambo akuti sapita. Munthu wamkulu sungamunyamule ngati thumba.

Lachinayi, 23 Meyi

Tsopano ndimaima pamaso pawo. Piritsi, madzi, kumeza. "Yasamulani." Amayasamula. Lilime m'mwamba. Amakweza. Bambo anga, amene sindinkatha kuwayang'ana m'maso ndili wamng'ono. Manyazi amagwira tonse awiri.

Chivundikiro ndachimata ndi tepi, kusiya kabowo ka chakudya. Iwo anaona.

Ndauza aneba zoona. Anagwira pakamwa, kenako anati amuna awo ali ndi galimoto, nthawi ina iliyonse ndingogogoda. Mipeni ndi mankhwala onse ndaika m'sutikesi yokhoma. Sindinaganizepo kuti ndidzachita zotere m'nyumba yanga.

Lachiwiri, 28 Meyi

Madzi mbee. Chikasu mabotolo onse. Kamafuta kaja katha. Insipekitala akudya ngati wachoka kundende, mnzake wotsalayo akukumba timiyala. Ndauza Chindevu kuti zachira, sindinamuuze chomwe chinali. Akuti ndikatenge zina ziwiri ulere. Ndati ndidikira.

Nsomba zachira. Bambo ayi.

Sabata yathunthu akumeza ndikuona, koma kutupa kwafika m'maondo. Kale akamwa loyera lija ankapita kuchimbudzi kangapo dzuwa lisanakwere, mpaka kudandaula. Aneba akuti masiku ano sadzuka pampando.

Ndipo afatsa. Kufatsa koipa. Andithokoza chifukwa cha tiyi. Wailesi yawo apatsa amuna a aneba, akuti imangowasokosa. Dzulo anandiitana kuti ndikhale pafupi, n'kuyamba kundifotokozera momwe ndinabadwira, mvula, basi itafa panjira, iwo kuthamanga wapansi atavala yunifomu. Sanandiuzepo nkhani imeneyi.

Lachinayi, 30 Meyi

Ndinaiwala foni, ndinabwerera ndili pakati pa masitepe. Mpando wopanda munthu. Chitseko cha kubafa chotseka, mpopi wotsegula mwamphamvu. Pansi pa phokoso la madzi, phokoso lina. Munthu akudzikokota kukhosi kuti asanze.

Ndinaima pomwepo, kiyi m'manja. Atatuluka, maso ofiira, madzi pachibwano, tinayang'anana. "Wabwerera," anatero, basi.

Sindinapite kuntchito. Sindinakuwe. Ndinakhala pansi, pasimenti, pafupi ndi mapazi awo, tsiku lonse. Ndinawauza kuti sindingawalondere kukhosi. Kuti ngati atsimikiza, andipambana, ine ndili ndi maso awiri okha. Koma akanene okha kwa adokotala, pakamwa pawo, ine ndili pomwepo, osati kundisiya ndidzawapeze ngati momwe ndakhala ndikupezera nsomba. Mwina kutopaku nako kuli ndi mankhwala ake. Anesi anatero.

Pampu ikungolira. Iwo kupuma kwawo kukumveka ngati munthu akuuzira mpweya m'kapu ya madzi.

Chakumadzulo anaika dzanja pamutu panga. Lolemera, lozizira. "Mawa," anatero.

Mawa chiyani, sindinafunse.

Lachisanu, 31 Meyi

Ndadzuka ndapeza ameta kale ndevu, adzicheka pang'ono pachibwano. Avala malaya oyera ndi jekete labwino, mabatani osatheka kumanga. Nsapato zakana, ndawakulunga mapazi ndi masokosi a achimwene. Milomo yachita phulusa.

Mapiritsi akana poyera, koyamba. "Tikamve kaye adokotala." Sindinalimbane nawo.

Amuna a aneba apita kukatulutsa galimoto, akubwera ndi mnzawo kuti awatsitse ndi mpando womwewu. Chikwama ndalongedza: bulangete, mswachi, makhadi a kuchipatala, mankhwala onse. Ndatumiza uthenga kwa achimwene kuti asadikire tchuthi.

Bambo anandiuza kuti ndichotse tepi, akufuna adyetse okha. Ndinazengereza. Anatambasula manja onse awiri, kuwatembenuza, opanda kanthu. Ndachotsa. Atsina chakudya pang'ono, kuwaza, n'kukhala akuyang'ana ziwirizo zikulimbirana. Akuti ndisaiwale kuzimitsa kanyale, nsomba nazo zimafuna mdima.

Kenako andifunsa ngati kiyi wawo wa pakhomo ndingampatse aneba, poti iwo sakumufunanso m'thumba, akulemera.

Mapazi pamasitepe. Bambo akuyesa kuima okha, sakufuna awapeze ali...