Unkhoswe wa Chola Ndaukana

Chelstone, Lusaka

Okondedwa achimwene anga Ba Mubanga,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kitwe kumeneko pamodzi ndi alamu. Shuga wanu uja akuti bwanji? Kuno tilipo, kungoti fumbi latichulukira.

Munapempha kuti ine ndi abambo akunyumba kuno tikaimire mwana wanu Chola kwa makolo a chibwenzi chake Muriel ku Kabwata, ngati ankhoswe. Ine ndakana, ndipo ndikuuzani chifukwa chake.

Chola pakamwa pake m'potsekemera, zimenezo mukuzidziwa. Koma ine ndi amene ndakhala naye m'nyumba. Mwana uyu akaona chimene akufuna, zina zonse zimazimiririka m'maso mwake. Kumulanga n'kudzivutitsa chabe. Chiyambireni kuyendetsa minibasi apolisi amugwira kangapo, bwana wake woyamba anamuchotsa ntchito, koma kukacha amabwereza zomwezo.

Mwezi watha anaona anthu ambiri ataima pa siteji ku Avondale, basi ina ili patsogolo pake. Anaipitirira pokhota kuti anthuwo akawanyamule iyeyo. Lole itatulukira, anakhotetsa n'kukhulana ndi basi inayo, kondakitala wake Kasuba atalendewera pakhomo. Lero Kasuba alibe mwendo.

Nditamufunsa ngati loleyo sanaione, anati anaiona ndithu, koma anthu aja akanapita ndi mnzakeyo. Ankayankha uku akusenda lalanje.

Dokotala wa zamaganizo amene khoti linamutumizako anandiuza kuti alipo anthu otere. Phindu amaliona lalikulu, koma chilango ndi ululu wa anzawo sizikhazikika m'mutu mwawo. Akuti si misala, komanso si kulodzedwa monga akunenera alamu.

Lamlungu ine ndi Chola tinapita kukazonda Kasuba kuchipatala, ndipo mayi a Muriel nawonso anabwera kudzamuona. Chola anagwada pambali pa bedi n'kulira mpaka mayiwo kuyamba kumutonthoza. Titatuluka anapukuta kumaso n'kundifunsa kuti, "Anti, ndalira bwino, eti? Apa mkazi andipatsa basi."

Sindimuda ayi, achimwene, ndi magazi athu. Koma ndimamuopa. Muriel ndi mtsikana wofatsa, ndipo Chola akumufuna monga ankafunira anthu apasiteji aja.

Nkhoswe ndi amene amatsimikizira makolo kuti mwana wawo akakhala bwino kumene akupita. Mawu amenewo pakamwa panga satuluka. Mayi a Muriel andiitana Loweruka kuti tikakambirane, ndipo akandifunsa ndidzawauza zonse zimene ndakuuzanizi. Chonde musatume munthu kudzandiuza kuti ndikhale chete. Ngati n'kukwiya, mukwiye ndi ine, koma mwana wa eni akeyo ndikamuchenjeza.

Mulungu akusungeni. Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa mwana wanu Lubuto.

Ndine mlongo wanu,
Exildah