Tulo Tabwera Bedi Litapita

Lachinayi, Julayi 1996, Meriting, kumigodi

Lero latha moipa. Mapiritsi oletsa tulo amene ndinagula kukemisiti, kogulitsa mankhwala, agwiradi ntchito, usiku wonse mumgodi sindinasinze. Koma ndi opusa, sadziwa kuti shifiti yatha.

Bedi tili nalo limodzi. Ine ndimagonapo masana, a Yusufu, mnzanga wa ku Mangochi, usiku. Ndakhala chagada tsiku lonse, maso ali pamalata, mtima uli thithithi. Nesi wa kumgodi anandichenjeza kuti mankhwalawa amangotsegula maso, sachotsa kutopa.

Tulo tabwera dzuwa likulowa. Pomwepo a Yusufu agogoda.

"Achimwene, dzukani, nthawi yanga yakwana."

Ndawasiyira bedi. Tsopano ndakhala pachigubu, piritsi lina lili m'dzanja. Ndikamwa, mawanso sindigona. Ndikapanda kumwa, ndikasinza usiku uno mumgodi, pansi paja...