Ndimete ndi lumo la malemu bambo?

Agogo,

Ndikuti Agogo poti ndi mmene amakutchulirani, ngakhale mwina wamkulu ndine. Sukulu sindinaiponde. Ndikuyankhula ndine, akulemba ndi akazi anga a Marita, amene anaphunzira kwa masisitere ku Kasina, ndipo andiuza kale kawiri kuti ndifupikitse.

Kwathu kuno ku Lobi, maliro akatha, wometa anamfedwa ndine. Lumo ndi la malemu bambo, ndimalinola pamwala. Anthu amakonda dzanja langa chifukwa ndimameta uku ndikukamba nkhani za munthu amene tamuikayo, mpaka wamasiye amaseka misozi ili m'masaya. Kutema pang'ono kumachitika, mutu wa nkhalamba uli ndi makwinya. Ndimapukuta pa kansanza, wina n'kukhala.

Tsono achimwene anga a Yeremiya anatisiya. Maso chikasu, mimba kutupa, munthu wosalawa kachasu, mkulu wa mpingo. Anthu ankanong'ona za Edzi. Koma adokotala ku Lilongwe, atatumiza magazi kutali, anandiitanira pambali n'kundiuza kuti ndi kachilombo ka m'chiwindi, dzina lake Hepatitis C. "Kamayenda ndi magazi, bambo," anatero, "ndipo kamatha kukhala zii zaka makumi awiri. N'chifukwa chake timakapeza mwa akuluakulu."

Ndinangoti zikomo, koma maganizo anathamangira ku lumo langa. Mutu wa achimwene ndakhala ndikuumeta chiyambire maliro a amayi. Msuweni wathu a Bonifasio anapitanso ndi mimba yotupa chaka cha referendamu, nawonso ndinkawameta. Masiku ano ndikakumana ndi nkhalamba inzanga, moni ndimapereka koma maso anga ali m'maso mwake, kufuna chikasu. Kumunda ndipita, ndibwerako khasu lisanalawe dothi. Ndikhala, ndinyamuka.

Loweruka la sabata yamawa tikumeta kachiwiri, kutsiriza maliro. Alamu anga a Bernadetta, amasiyewo, atumiza mawu akuti, "Lumo limene linkameta amuna anga ndi lomwe lindichotse tsitsi la maliro." Ndikakana, adzati ndikuwanena kuti ali ndi matenda. Ndikavomera, nanga ngati ndine ndakhala ndikugawa imfa? Mwa ife okalambafe, tili nako ndi angati? Ndimete?

L.D., Lobi, Dedza

A L.D.,

Metani, koma osati ndi lumo limenelo.

Kuti ndi angati, m'midzi mwathu palibe amene wawerenga bwino, ndipo sindikupekerani nambala. Akuluakulu kachilomboka kamawapeza chifukwa adutsa muzambiri: jakisoni wa singano imodzi mzere wonse, mphini, kuikidwa magazi kale asanayambe kukayeza. Lumo lokhudza magazi lingathenso kupatsira, koma kuti achimwene anu anakatenga kuti, palibe adzadziwe. Lekani kudziweruza. Mlandu wanu uli pa mitu imene simunaimete.

Pitani inuyo kwa a Bernadetta mawa, a Marita akuperekezeni, musatume munthu. Auzeni zimene ananena adokotala. Kachilomboka sikayenda m'moni kapena m'mbale, ndiye mudye nawo kumeneko, mtima wawo ukhale pansi.

Kenako mukagule malezala atsopano ku Linthipe. Mutu uliwonse lezala lakelake, lomasulidwa m'pepala onse akuona, likatha ntchito m'chimbudzi. Kunola pamwala kapena kupukuta pa kansanza sikupha kachilombo. Woyamba kumetedwa mukhale inuyo, kuti pasapezeke woganiza kuti akulozedwa chala. Pakamwa muli napo. Nkhani imeneyi muikambe pomwepo, mmene mumakambira zina zija.

Mwambo ukatha, inu, a Marita ndi alamu anu mukaonetse chiwindi kuchipatala. Chenjerani: katemera wake kulibe, mankhwala ake ndi osowa, choncho mowa wa tsikulo muwasiyire ena, ndipo wina asakutemeni mphini pamimba ati akuchiritsa.

Lumo la bambo likulungeni m'nsalu, lapuma. Alamu anu akaumirira, auzeni zoona: simukufuna kuti tsiku lina mudzamete anthu pa maliro awo.

Agogo