Magazi Amene Malungo Amawalambalala

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino, ndipo bondo lija lasiya kukuvutitsani. Achemwali ndi ana ali bwanji? Ine kuno ndilipo, kungoti nyumba yandikulira. Ndimaphikabe m'poto wamkulu uja mwachizolowezi, kenaka n'kumadya zomwezo masiku atatu.

Papita miyezi isanu chichokere mpongozi wanu ndi mdzukulu wanu Kanyerere. Tinsapato take tabuluu tidakali kuseri kwa chitseko. Ndikamasesa ndimatinyamula, n'kutibwezera pomwepo.

Amayi, mumakonda kunyadira kuti ife malungo amatilambalala, kuti anzathu ankagonekedwa m'chipatala ife tikungoyetsemula. Simunama ayi. Kuntchito, komwe ndimakhalira kuyeza magazi a anthu, ndinaphunzira chifukwa chake. Makolo athu analimbana ndi kachilombo ka malungo zaka zosawerengeka, mpaka magazi a ena anasintha pang'ono, kachilomboko n'kumavutika kukhalamo. Anthu oterowo ndi amene ankapulumuka n'kubereka. Ife ndife zidzukulu zawo.

Koma chishango chimenechi chimafunika chimodzi basi. Mwana akachilandira kwa bambo ndi kwa mayi komwe, maselo a magazi ake amapindika ngati chikwakwa n'kumatseka mitsempha. N'chimene chimamuliritsa Kanyerere atagwira timiyendo. Matendawa sachokera mbali imodzi.

Tsiku lija m'chipatala munauza mpongozi wanu, pamaso pa anamwino, kuti wabweretsa magazi ovunda m'banja la anthu olimba. Iye anandiyang'ana. Ine ndinazyolika, kukhala chete ngati ndamwa phala lamoto. Chonsecho pepala la zotsatira za magazi anga linali m'thumba la shati. Ndinali nditadziyeza ndekha sabata yomweyo, ndipo ndinkadziwa bwinobwino kuti theka la matendawo ndi langa.

Kaya ndinatengera kwa inu, kaya kwa malemu bambo, sindingalumbire. Koma mukukumbuka kuti ndi bambo amene malungo ankawafunditsa mabulangete atatu chaka ndi chaka, inu mukuwaseka kuti ndi ofooka.

Ndinkakuopani, Amayi. Munthu wa ndevu zanga, ndinalola mkazi wanga kusenza yekha katundu wa anthu awiri. Manyazi ake akundidya mpaka lero.

Sabata yatha ndinapita komwe mpongozi wanu akukhala, kwa mkulu wake, n'kumupatsa mkazi wangayo pepala lija. Analiwerenga ataima pakhomo. Anati adokotala anamufotokozera kalekale, iye ankangodikira kuti aone ngati ndili ndi pakamwa. Anatinso sanandide, koma sabwerera m'banja limene limamuyesa chonyansa, pokhapokha pakamwa pamene panamunyoza pabweze mawuwo. Kanyerere anabisala kumbuyo kwa siketi ya amake, n'kufunsa ngati ndabwera kudzamubaya jakisoni. M'basi pobwerera ndinalira, osasamala za ondiyang'ana.

Ndiye ndikugwirani mwendo. Nambala ya foni ya mpongozi wanu ndailemba kuseri kwa kalatayi. Sindikuti mumugwadire. Mungomuuza kuti magazi amene anakusungani inu ndi ine ndi omwewo amene akumupweteka mwanayu, ndipo palibe amene analakwa. Ndikudziwa kuti kupepesa kumakuwawani kuposa bondo, koma chonde musachedwe. Mwana akukula, ndipo tinsapato tija posachedwa tisiya kumukwana.

Mundiperekere moni kwa achemwali, alamu ndi ana onse. Mulungu akusungeni, ndipo akupatseni mawu amene ine anandisowa tsiku lija.

Ine mzime wanu.